Zoonera TV pa WiFi ya pakhomo, yambani mwaona za bandulo

Achimwene mwafunsa ngati mungachotse dishi nkumaonera TV pa intaneti ya pakhomo kuno ku Mangochi, eya zimatheka ndithu, koma nkhani yagona pa bandulo osati pa TV ayi. A Netflix, kampani yoonetsa mafilimu pa intaneti, amanena okha kuti HD, chithunzi chooneka bwino kwambiri chija, imadya mpaka 3GB pa ola, ndiye filimu imodzi ya maola awiri 6GB yapita, ana akangoyatsa makatuni pa YouTube kuyambira mmawa bandulo ya mwezi siifika ndi pakati pomwe, ine zimandiwawa ndikaona munthu akutaya ndalama chonchi. Tsitsani chithunzi chikhale pa 480p, mlingo wotsika wosadya bandulo kwambiri, pa TV yaing'ono chimaonekabe bwino.

Spidi ikufunika 5 Mbps kuti 1080p, yomwe ndi HD, isamadukeduke. Musanagule rauta, kabokosi kogawa WiFi, yesani kaye netiweki ndi foni mnyumba mwanumo cha mma 7 madzulo pamene aliyense ali pa intaneti, makamaka ngati muli cha ku Namwera kapena Makanjira, ndipo rautayo muyiike pawindo osati kuseri kwa kabati. Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, inafika ku Malawi mu 2023 koma zida zake ndi zodula.

Ngati mumakonda mpira dishiyo musachotse, pa intaneti umachedwerako, aneba amayamba kukuwa chigoli inu mpira ukadali pakati pa galaundi.