Musanalowetse sikuludiraiva pansi pa kathabwako

Wina wandilembera kuti wapeza masipika awiri akale, ndipo akufuna kuchotsa timatabwa tokongoletsa ta m'mphepete kuti apale bwino n'kupakanso vanishi. Atichotsa bwanji osatithyola?

Akulu, mwandigunda pachilonda. Ndili ndi sipika ya Advent yaikulu ija, mtundu umene Henry Kloss anatulutsa mu 1969, ndipo inandipeza itadutsa kale m'manja mwa munthu waphuma. Iyeyo analowetsa sikuludiraiva pansi pa kathabwa n'kukanula. Kathabwako sikanathyoke ayi. Linang'ambika ndi bokosi, chifukwa mabokosi ambiri a nthawi imeneyo ndi a chipboard, utuchi womata, wokutidwa ndi veneer, kachikopa ka mtengo weniweni kosakwana milimita imodzi. Guluu anali wolimba kuposa utuchiwo. Pakona panatsala dzenje lolowa chala, lomangonyenyeka ukaligwira. Mkuluyo anamatapo zomatira zake, kenaka kuti abise manyazi, anapaka utoto wakuda bokosi lonse. Utoto wakuda pa mtengo wa walnut! Mpaka lero ndikamakanda utotowo pang'onopang'ono, mizere ya mtengo n'kumaonekera, mtima umandiwawa.

Ndipo si maonekedwe okha. Masipika a mtundu uwu, kuyambira pa AR-1 ya Edgar Villchur mu 1954, amadalira bokosi lotsekeka ndithu. Mpweya wa m'katimo ndiwo umabweza woofer, sipika yaikulu yotulutsa besi, pamalo pake ikagwedezeka. Pakatseguka mng'alu polumikizira matabwa, besi imafooka, mwini wake n'kumanamizira ampulifaya.

Ndiye ine ndinene mosapsatira: ambiri amene amati akukonzanso sipika akale, akungowavula ukalamba wawo. Chipsera chaching'ono chalakwanji? Za makina opalira ndiye musandiyambe dala, amadya veneer kamphindi kochepa, utuchi n'kuonekera pakona. Sandipepa wosalala, pamanja, motsata mizere ya mtengo, akukwanira. Kathabwa ngati sikakugwedera, kasiyeni, palani mokazungulira.

Nanga ngati kuchotsa n'kofunikadi?

Yambani mwatulutsa sipika zenizenizo m'bokosimo, chifukwa maginito amakoka mpeni n'kuboola pepala la woofer. Dutsitsani lezala pamzere pamene kathabwa kakumana ndi bokosi kuti veneer isang'ambikire limodzi. Tenthetsani ndi choumitsira tsitsi, guluu woyera uja amafewa akatenthedwa. Madzi ayi, chipboard ikafufuma sibwereranso. Lowetsani kampeni kopyapyala kophwatalala, mutaika katoni pansi pake, muziyenda pang'onopang'ono kutalika konse, osakanula malo amodzi. Kakakana, siyani, mwina kamangidwa kumodzi ndi bokosilo. Timisomali tikatsalira m'kathabwa, tikokereni kumbuyo ndi pulayazi kuti kumaso kusathetheke, ndipo lembani ndi pensulo kuseri kwa kalikonse mbali imene kachokera.