Pete Davidson sanatchuke chifukwa cha zibwenzi zokha ayi

Asisi mwafunsa kuti Pete Davidson uja ntchito yake ndi chani kwenikweni poti mumangomuona pa zithunzi ali ndi akazi otchuka, kapena ntchito yake ndi imeneyo kkkk. Ayi ndithu, mnyamatayu ndi wanthabwala komanso amachita mafilimu, ndipo anayamba kalekale Ariana Grande ndi Kim Kardashian asanamudziwe nkomwe.

Anabadwa pa 16 November 1993 ku Staten Island, New York. Bambo ake a Scott Davidson anali ozimitsa moto, anamwalira ali pa ntchito pa 11 September 2001 tsiku lomwe zigawenga zinaombetsa ndege pa World Trade Center, Pete ali ndi zaka 7 zokha. Mukafuna kumvetsa nthabwala zake yambirani pamenepo, chifukwa pafupifupi chilichonse chomwe amayankhula pa siteji chimabwerera kwa bambo akewo, mpaka nambala yawo ya kuntchito, 8418, anaidinda pa mkono. Anayamba kuseketsa anthu ali ndi zaka 16, ulendo woyamba munali mmalo osewerera bowling kwawo komweko, kenako anayamba kuoneka pa MTV, ndiye mu 2014 anamutenga ku Saturday Night Live ali ndi zaka 20. Amene simukuidziwa, imeneyi ndi pulogalamu ya nthabwala ya pa NBC yomwe inayamba mu 1975, anthu ngati Eddie Murphy ndi Will Ferrell anadutsa momwemo, kulowamo pa msinkhu umenewo si masewera. Anakhalamo mpaka 2022.

Koma ndinene mosapsatira, kumbali yosintha mawu nkukhala munthu wina Pete ndi wofooka, anzake ambiri a mu pulogalamu ija amamuposa patali, iye ukamupatsa mbali amangokhala Pete yemweyo atavala zovala zina ndipo nthawi zambiri amayamba kuseka yekha sewero lili mkati. Pomwe amatha ndi pomwe amukhazika pa desiki ya Weekend Update, gawo la Saturday Night Live lomwe amawerenga nkhani moseketsa, kuti angoyankhula za moyo wake. Amakamba za matenda a mmatumbo a Crohn's omwe amadwala kuyambira ali wachinyamata, za chamba, za kukhala nyumba imodzi ndi mayi ake ali kale ndi ndalama, za matenda a mmaganizo a borderline personality disorder omwe anaulula yekha mu 2017, zonsezi amazinena akuseka ngati akukamba za munthu wina, iwe umaseka kenako nkudzifunsa kuti kodi apa mpoyenera kuseka? Ena zimawanyansa ndithu, maka akamaseleula za imfa ya bambo ake ngati mmene anachitira mu 2015 pa pulogalamu yonyogodola Justin Bieber. Ine ndimati chisonicho ndi chake, akasankha kuchisandutsa nthabwala palibe angamuletse.

Pomwe anaonjeza ndi mu November 2018 pa Saturday Night Live, ananyoza maonekedwe a Dan Crenshaw, msilikali wakale yemwe diso linaonongeka ku Afghanistan. Anthu anakwiya heve, sabata yotsatira Crenshaw anabwera pa pulogalamu yomweyo Pete nkupepesa pamaso pa onse. Chaka chimenecho chinali chowawa kwa iye, mu June anatomerana ndi Ariana Grande, pofika October zatha, mu December analemba pa Instagram mawu oonetsa kuti moyo wamukwana mpaka apolisi anapita kukaona ngati ali bwinobwino. Ndiye zibwenzi mukunenazo zinamubweretsera dzina inde, koma zinabwera ndi chigulu cha anthu omutukwana pa intaneti usana ndi usiku.

Za mafilimu, onerani The King of Staten Island ya 2020 yomwe analemba limodzi ndi wokonza mafilimu Judd Apatow ndi mnzake Dave Sirus. Amasewera ngati mnyamata yemwe bambo ake ozimitsa moto anamwalira, wangokhala pakhomo pa mayi ake osadziwa kolowera, kunena kwina ndi moyo wake omwe akanakhala nawo nthabwala zikanapanda kumutola. Ku America filimuyi sinaonetsedwe mmaholo chifukwa cha Covid, anangoiponya pa intaneti. Mu The Suicide Squad ya 2021 alimo koma musaphethire, amafa koyambirira komwe kkkk. Funso lomwe ine ndili nalo ndi loti akadzamaliza kutifotokozera mbiri yake adzatiuzanso chani, poti ngakhale pulogalamu yake ya pa TV yotchedwa Bupkis ya 2023 ndi nkhani yomweyonso ya Pete akusewera Pete.

Pano nkhani yake ndi yofufuta ma tattoo omwe anadzaza thupi lonse, akuti amamutayitsa maola ambiri kuwabisa akamajambula filimu. Ndipo mu 2022 iye ndi Colin Jost, mnzake wa ku Saturday Night Live, anagula chombo chakale chomwe chinkaolotsa anthu ku Staten Island pa mtengo wa madola opitirira 280,000 kuti achisandutse malo a zisangalalo, iye mwini anadzavomera pambuyo pake kuti pogula paja anali atasuta.