Pa silikoni pakutuluka mwaye m'malo mwa timachubu ta kaboni: chalakwika n'chiyani?

Wophunzira wina wa ku Harare watilembera imelo iyi: "Ndinayala ayironi wokhuthala 10 nm pa silikoni, n'kuika m'ng'anjo pa 750°C ndi mpweya wa acetylene. Chikutuluka ndi mwaye wopukutika ndi chala. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, musayambe ndi kukayikira mpweyawo. Vuto lalikulu lili pa ayironiyo ndi pa chimene mwamuyalapo.

Kachubu ka kaboni (carbon nanotube, kachubu kochepetsetsa kosaoneka ndi maso pakokha) sikamera pa chitsulo choyalana bwinobwino. Ayironi akatentha mu haidrojeni amang'ambika n'kusonkhana timadontho, monga achitira madzi pa tsamba la koko, ndipo kadontho kalikonse ndiyo mbewu ya kachubu kamodzi. Kukula kwa kadontho ndiko kumalamula kunenepa kwa kachubu. Ayironi wa 10 nm (nm ndi nanomita, gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita) amapanga zibulumwa zikuluzikulu zimene kaboni amangozikuta, n'kufera pomwepo. Tsikani kufika pa 1 nm, mukachulutsa 2 nm.

Chachiwiri, ayironi wokhudzana ndi silikoni pa kutentha kotere amalowerera n'kusanduka iron silicide (ayironi wophatikizana ndi silikoni), yemwe sameretsa kanthu. Yambani mwayala alumina (aluminiyamu wophatikizana ndi okosijeni) wa 10 nm mpaka 20 nm, ayironi abwere pamwamba. Alumina amagwira timadonthoto kuti tisayendeyende n'kumezana. Silika (silikoni wophatikizana ndi okosijeni) nayenso amatchinga, koma kwa ife alumina ndiye amapereka nkhalango ya timachubu yothithikana, yoima chilili.

Mu paipi ya quartz ya inchi imodzi, yambirani apa. Tsukani ndi mpweya wa argon mphindi 10 kuti okosijeni yense atuluke. Kwezani kutentha kufika 750°C, lowetsani haidrojeni 100 sccm (sccm ndi muyeso wa mpweya wodutsa pa mphindi imodzi) pamodzi ndi argon 400 sccm kwa mphindi 3 mpaka 5 zokha. Mukachedwa apa, timadontho tating'ono timasungunukira mwa tikulutikulu, tina n'kumira mu alumina. Kenako tsegulani ethylene, mpweya wopereka kaboni monga acetylene, 100 sccm kwa mphindi 10. Ngati muli ndi acetylene yekha, chepetsani zedi, 5 sccm kapena 10, chifukwa amasweka msanga ndipo akachuluka amaphimba mbewu ndi mwaye womwe mukuuonawo.

Kachinyezi kochepetsetsa kamathandiza. Mu 2004 Kenji Hata ndi anzake ku Japan anaonetsa kuti nthunzi yamadzi pang'ono imatsuka mwaye pa mbewu, ndipo timachubu tawo tinatalika 2.5 mm pa mphindi 10. Tikunena za ma ppm mazana ochepa, kutanthauza magawo mazana ochepa pa magawo miliyoni a mpweya. Madzi akapitirira amadya timachubu tomweto.

Pali ziwiri za ku Harare konkuno. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, choncho rotameter (chida choyezera mpweya wodutsa mu paipi) yoikidwa muyeso wake pa msinkhu wa nyanja imaonetsa mpweya wochuluka kuposa umene ukudutsadi. Iyezeninso, kapena gwiritsani mass flow controller, chida chamagetsi cholamulira kuchuluka kwa mpweya wodutsa. Ndiye za magetsi: akazima muli pakati, tsekani haidrojeni ndi ethylene nthawi yomweyo, argon apitirire mpaka ng'anjo itsike pansi pa 300°C. Chonde ikani valavu ya argon yotsegula ndi dzanja. Haidrojeni amayaka akangofika 4% mumpweya, ndipo timachubu totentha tikakumana ndi okosijeni timapsa.

Zikatheka mudzaona mphasa yakuda bii, yosanyezimira, yokhala ndi msinkhu mukayang'ana m'mbali. Pa chida cha Raman, choyeza timachubu ndi kuwala kwa leza, nsonga ya G (chizindikiro cha kaboni wosanjika bwino) pafupi ndi 1580 cm⁻¹ ipose ya D (chizindikiro cha kaboni wosokonekera) ya pa 1350 cm⁻¹. D akakwera kwambiri, chepetsani kaboni musanasinthe china chilichonse.