Boti logulidwa ku South Africa mapepala ake ali opereŵera: kodi lingalembetsedwe ku Malawi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mangochi amene wakhala akugwira ntchito ku Johannesburg kwa zaka zingapo, ndipo anandilola kuti ndiwayankhe poyera popanda kutchula dzina lawo. Nkhani yawo ili motere. Agula boti la faiba lotalika mamita 5, la injini ya Yamaha ya mphamvu ya 60 hp, pamodzi ndi ngolo yake yolikokera pa msewu, kwa munthu wina wokhala kufupi ndi damu la Hartbeespoort. Wogulitsayo anawapatsa lisiti lolemba pamanja, chiphaso cha boti chimene chinatha mphamvu kalekale, ndi pepala la ngolo. Koma chiphasocho ndi pepala la ngololo zili m'dzina la munthu wina, amene akuti ndiye anamugulitsa botilo zaka zitatu zapitazo. Bamboŵa akufuna kulikweza pa thiraki mu Disembala kuti lizikanyamula alendo ku Cape Maclear, ndipo mnzawo wina wawalimbitsa mtima kuti mapepala oterewa amakakonzedwa pa boda. Funso lawo ndi lakuti: kodi adzatha kulilembetsa likafika kumudzi?

Bambo, n'zotheka kulilembetsa, koma botilo lisachoke ku South Africa mpaka mutalumikiza dzina lanu ndi dzina la munthu amene walembedwa pa mapepalawo. Ofesi iliyonse imene mudzafikeko ku Malawi idzakufunsani funso limodzi lomwelo m'mawu osiyanasiyana, lakuti katunduyu anachoka bwanji m'manja mwa mwini wake woyamba kufika m'manja mwanu, ndipo anthu okhawo amene angayankhe funsoli ali kumene muliko panopa. Lero wogulitsa uja akuyankhabe foni yanu ndipo mungathe kumupeza pakhomo pake tsiku lomwelo. Mukadutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kufika pa Mwanza, adzakhala munthu wakutali amene ndalama zake analandira kale, ndipo sadzakhalanso ndi chifukwa chodzivutitsira ndi mapepala anu.

Chinthu choyamba chimene ndikufuna muchimvetse n'chakuti simunagule katundu mmodzi ayi, mwagula zinthu zitatu, ndipo chilichonse chili ndi nambala yake ndi mbiri yake: thupi la boti, injini, ndi ngolo. Pitani ndi tochi, pepala ndi pensulo. Pa thupi la boti, yang'anani kumbuyo kumene kumamangidwa injini, makamaka chakumanja pamwamba, chifukwa ndi pamene opanga maboti ambiri amadinda nambala kapena kukhomapo kachitsulo ka dzina lawo. Ngati utoto wakwirira zilembo, ikani pepala pamwamba pake n'kukhutiza ndi pensulo pang'onopang'ono, ndipo nambalayo idzaonekera. Pa injini ya Yamaha, nambala imakhala pa kachizindikiro komatidwa kumanzere kwa chitsulo chimene chimagwiritsa injiniyo ku boti. Pa ngolo, nambala imakhomedwa pa chitsulo cha kutsogolo, ndipo iyenera kufanana ndi imene ili pa pepala, chilembo ndi chilembo. Mukapeza kuti pamalo pa nambala pali popalidwa, poŵala kuposa pena ponse, kapena kachizindikiro kanamatulidwa n'kutsala guluu wokha, imani pomwepo, bwererani kwa wogulitsa, ndipo musalole kuti akuuzeni kuti dzuŵa ndi madzi ndizo zinafufuta. Injini za maboti zimabedwa kwambiri chifukwa n'zosavuta kumasula ndi kunyamula, ndipo mfundo yaikulu ya malamulo a malonda, ku South Africa ngakhalenso ku Malawi, ndi yakuti munthu sangakupatseni umwini umene iye mwini alibe. Ngati injiniyo inabedwa, mwini wake weniweni angathe kuitenga ngakhale inu munaigula mosadziŵa, ndipo lisiti lanu silingakutetezeni.

Chiphaso chimene mwanena kuti chinatha mphamvu mwina ndi chija amachitcha Certificate of Fitness, chimene chimaperekedwa pansi pa ulamuliro wa bungwe loona za chitetezo cha pamadzi la South African Maritime Safety Authority, motsatira malamulo a chitetezo cha maboti ang'onoang'ono a mu 2007. Chimagwira ntchito kwa chaka chimodzi, ndipo chimangotsimikizira kuti botilo linayesedwa n'kupezeka loyenera kuyenda pa madzi. Si umboni wa umwini, ndipo ichi n'chimene chimasokoneza ogula ambiri. Komabe musachitaye, chifukwa chili ndi nambala ya boti, dzina la amene analiyesa ndi dzina la mwini wake wa nthaŵi imeneyo, ndipo zimenezi ndizo njira yanu yopezera munthuyo. Onaninso gulu limene botilo linaikidwamo. Ngati palembedwa chilembo cha R, dziŵani kuti linaloledwa kuyenda pa madzi a m'kati mwa dziko monga madamu ndi mitsinje, pamene magulu a A mpaka E ndi a maboti oyenda pa nyanja ya mchere, malinga ndi mtunda umene angatalikire ku gombe. Funsaninso chiphaso chosonyeza kuti botilo lili ndi zoyandamitsa m'kati mwake kuti lisamire likadzaza madzi, chimene kumeneko amachitcha buoyancy certificate. Ndikutsindika zimenezi chifukwa Nyanja ya Malawi si damu: ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo aliyense amene anaonapo mafunde a mwera pakati pa Juni ndi Ogasiti amadziŵa kuti boti loyenda bwino pa Hartbeespoort likhoza kukhala loopsa likanyamula anthu kuseri kwa chilumba cha Thumbi.

Ngolo ndiyo imene idzakuvutitseni kwambiri, koma ndiyonso ingakuthandizeni kuposa zina zonse, chifukwa ndi yokhayo mwa zitatuzi imene boma la South Africa limasunga dzina la mwini wake m'kaundula wa magalimoto wotchedwa NaTIS. Malamulo a kumeneko amafuna kuti kusintha kwa umwini kulembetsedwe pasanathe masiku 21, ndipo n'zoonekeratu kuti amene anakugulitsaniyo sanachite zimenezi. Choncho m'maso mwa boma ngoloyo idakali ya munthu woyamba uja, ndipo inu simungaitulutse m'dziko mwalamulo popanda iye kusaina fomu yodziŵitsa za kusintha kwa umwini, imene imadziŵika ndi zilembo za NCO, ndi kukupatsani kope ya chitupa chake. Pa pepala la ngolo yang'anani mayina aŵiri, la title holder, yemwe ali ndi mphamvu yololeza kuti ngoloyo igulitsidwe, ndi la owner, yemwe amaigwiritsa ntchito. Ngati pa dzina loyambalo palembedwa banki, ndiye kuti katunduyo anagulidwa pa ngongole, ndipo mufunika kalata ya bankiyo yotsimikizira kuti ngongoleyo inatha. Ngati mwini woyambayo anamwalira, mkazi wake kapena mwana wake sangangosaina chifukwa choti ndi wachibale. Wosaina ndi amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye ndi ofesi ya Master of the High Court, ndipo kope ya kalata yomupatsa mphamvuyo iyenera kukhala m'manja mwanu. Inu ngati mlendo m'dzikomo mudzafunikanso nambala yokuzindikiritsani m'kaundula wa magalimoto, yotchedwa Traffic Register Number, kuti ngoloyo ilembedwe m'dzina lanu, ndipo pambuyo pake mudzapita nayo kupolisi kuti akaone manambala ake n'kukupatsani chiphaso cha SARPCCO, chimene apolisi a maiko a kum'mwera kwa Africa amachizindikira ngati umboni wakuti galimoto kapena ngolo sinalembedwe kuti ndi yobedwa.

Apa ndikupatsani maganizo anga mosabisa. Ngati mwini woyambayo sakupezeka ngakhale mutayesetsa, isiyeni ngoloyo ku South Africa, muibweze kwa wogulitsa ndipo muchotserane mtengo wake. Boti likhoza kukwera pa thiraki litakhazikidwa pa matayala akale ndi matabwa, ndipo amisiri owotcherera zitsulo ku Mangochi angathe kukupangirani ina yotsitsira boti m'madzi. Si nzeru kuti katundu wa mtengo wochepa pa zitatuzi aimitse ulendo wonse pa chipata.

Pa thupi la boti ndi injini, pamene palibe kaundula wotere, umwini umamangidwa ndi mapepala olumikizana. Lembani mgwirizano watsopano wa malonda pakati pa inu ndi wogulitsa, wotayipa bwino, wokhala ndi mayina onse, manambala a zitupa kapena pasipoti, tsiku, manambala atatu aja, ndi mtengo wa chinthu chilichonse payekhapayekha, osati mtengo umodzi wophatikiza zonse. Kenako pitani naye limodzi kupolisi kuti akalumbire pa kalata yofotokoza kuti botilo analigula kwa yani, liti, pa mtengo wanji, ndiponso kuti palibe ngongole kapena mkangano uliwonse pa ilo. Ku South Africa apolisi amadinda makalata a lumbiro otere popanda kulipiritsa. Mwini woyamba akapezeka, nayenso alembe yake yovomereza kuti anagulitsadi. Onjezerani umboni wa momwe munalipirira, monga sitetimenti ya ku banki, chithunzi cha chilengezo cha malonda ngati munachiona pa Facebook, ndi mauthenga amene munkalemberana. Wogulitsa woona mtima sangakane kutaya ola limodzi kupolisi, ndipo akayamba kuzemba ndi kusintha masiku, khalidwe lakelo likhale yankho lanu pa za kumene botilo linachokera.

Za mnzanu amene akuti mapepala amakonzedwa pa boda, ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musamumvere. Ndili ndi mlamu wanga amene anamvera malangizo ofanana ndi ameneŵa pa boti limene anagula tsidya lina la nyanja. Munthu wina wodzitcha wothandiza anamulembera lisiti lina la mtengo wotsika, lokhala ndi nambala ya injini yolakwika ndi chilembo chimodzi chokha. Boti linaloŵa ndithu, koma pofika nthaŵi yolilembetsa manambala sanagwirizane, ndipo wothandizayo foni yake inali itazima. Ndinaliona ndi maso anga botilo litavundikiridwa pansi pa mtengo wa mango kwa dzinja ziŵiri, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, injini itakulungidwa m'masaka m'chipinda chogona, ngongole imene anagulira ikukula mwezi ndi mwezi. Pepala lopereŵera lingathe kukwaniritsidwa ndi lumbiro ndi umboni wina, koma pepala lachinyengo limaipitsa ndi mapepala oona amene lili nawo limodzi, ndiponso ndi mlandu.

Njira yoyenera ndi yakuti katundu atuluke ku South Africa atalengezedwa kwa a kasitomu a kumeneko pa fomu ya SAD 500, ndipo mwini thiraki akupatseni kope yake yodindidwa. Adutse ku Zimbabwe ndi ku Mozambique ngati katundu wongodutsa. Ndipo akafika ku Malawi alengezedwe ku Malawi Revenue Authority kudzera mwa ejenti wa chilolezo, m'dzina lanu ndi nambala yanu yolipirira msonkho (TPIN), osati m'dzina la woyendetsa thiraki. Onetsetsani kuti nambala ya thupi la boti ndi ya injini zalembedwa pa pepala la kasitomu monga momwe zilili pa chitsulo, ndipo muŵerenge nokha musanachoke pa chipata. A kasitomu akakayikira mtengo umene uli pa lisiti ali ndi mphamvu yoŵerengera msonkho pa mtengo umene iwo aona kuti ndi woyenera, n'chifukwa chake umboni wa ku banki ndi wofunika, ndipo n'chifukwa chakenso ndikukulangizani kuti ejenti wanu akuŵerengereni msonkho botilo lisananyamuke, kuti ndalama zikhale zokonzeka ndipo katundu asagone pa chipata akulipiritsidwa malo.

Kulembetsa kwenikweniko kumachitika pansi pa lamulo la Inland Waters Shipping Act la mu 1995, limene limayang'anira kuyesedwa, kulembetsedwa ndi kupatsidwa zilolezo kwa zombo ndi maboti oyenda pa madzi a m'Malawi, komanso luso la oziyendetsa. Oyendetsa lamuloli ndi a Department of Marine Services mu unduna woona za mtengatenga, ndipo kwa inu a ku Mangochi, poyambira pabwino ndi ku Monkey Bay, kumene kuli doko ndi sukulu yophunzitsa za pamadzi. Woyesa maboti adzafuna kuliona botilo ndi maso ake, kuona kulimba kwa thupi lake, injini, majekete opulumutsira ndi zida zina, n'kunena chiŵerengero cha anthu amene lingaloledwe kunyamula. Popeza cholinga chanu ndi kunyamula alendo olipira, musaiŵale za inshuwalansi ndi chiphaso cha amene aziliyendetsa, ndipo kumbukirani kuti zilumba zozungulira Cape Maclear zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980, choncho mudzafunika kumvananso ndi oyang'anira pakiyo. Mukadzaganiza zophera nsomba ndi boti lomweli, chilolezo chake n'china, ndipo chimachokera ku dipatimenti ya za usodzi motsatira lamulo la mu 1997. Ngolo nayo, mukadzabwera nayo, idzalembetsedwa payokha ku ofesi ya Road Traffic.

Musanalipire thiraki, tumani m'bale wanu wodalirika ku Monkey Bay atanyamula makope a zonse zimene mwasonkhanitsa, kuti akafunse ngati zikukwanira ndiponso ngati pali china chofunika kuwonjezera mudakali ku Johannesburg. Ngati Disembala afika mwini woyamba uja asanasaine, lipirani malo osungira botilo kwa mwezi wina kapena iŵiri ndipo inu mubwere kutchuthi opanda boti. Pakadali pano, nditumizireni zithunzi za manambala atatu aja ndi mbali zonse ziŵiri za pepala la ngolo, mutaphimba manambala a zitupa za anthu, kuti tione limodzi ngati dzina la banki lilipo.