Kwa mchemwali amene wapepesa chifukwa chokonda manga achikondi

Mwandilembera kuti mukufuna manga (timabuku ta nkhani zojambula ta ku Japan) achikondi oseketsa, opanda imfa komanso opanda atsikana olimbirana mnyamata. Kenako mwapepesa kuti pa msinkhu wanuwu mukuwerengabe zachibwana. Kupepesako ndi kumene kwandiwawa, achemwali, moti mundilole ndiyambire pomwepo.

Chaka chimene mayi anga anagonekedwa m'chipatala, gadiyani ndinali ine. Amene anakhalapo gadiyani akudziwa. Masana ndi kuphika phala, kuchapa, kudikira adokotala. Usiku umayala chitenje pansi pafupi ndi bedi, tulo osabwera, khutu lili kwa wodwala kuti akupuma bwanji. Mnzanga wa kuntchito atabwera kudzazonda anandisiyira timabuku ta Ore Monogatari!!, nkhani ya Kazune Kawahara yojambulidwa ndi Aruko, imene m'Chingerezi anaitcha My Love Story!! Anandionetsa kuti umayambira kumene ife timati kumapeto kwa buku, n'kumawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Ndinkawerenga ndi tochi ya foni, nditafunda chitenje kumutu kuti ndisadzutse ena m'wodi.

Takeo Goda ndi chimnyamata chadzitho, nkhope yake yoti mwana akaiona amathawira kwa mayi ake. Mtsikana aliyense amene iye wamukonda amakathera kwa mnzake wa pamtima, Sunakawa, mnyamata wooneka bwino. Tsiku lina m'sitima Takeo apulumutsa Rinko Yamato kwa bambo wina amene ankamugwiragwira. Rinko ayamba kumubweretsera makeke ophika yekha, koma Takeo, pozolowera kusafunidwa, akungoganiza kuti mtsikanayu akufuna Sunakawa, ndiye ali kalikiliki kuwalumikiza uku mtima ukumupweteka. Kusamvanaku sikuchedwa. M'buku loyamba lomwelo zonse zalongosoka, chibwenzi chayamba, ndipo nkhani yaikuluyo ili m'mabuku 13. Otsalawo ndi anthu awiri kuphunzira kusamalirana basi.

Pamene misozi inandituluka ndi pamene zidziwika kuti Sunakawa ankakana atsikana onse aja chifukwa ankawamva akunyoza Takeo kumbali. Ankateteza mnzake mwakachetechete, osamuuza. Usiku umenewo ndinagona tulo tabwino koyamba chilowereni m'chipatalamo, ndipo m'mawa mphamvu zowasambitsa mayi ndinali nazo.

Ndiye wina azindiuza kuti izi n'zachibwana? Ndikukana. Zachibwana ndi nkhani zija za mnyamata wamwano amene amanyoza mtsikana pagulu, kumupanikizira kukhoma, kumuletsa kucheza ndi anzake, olemba n'kumatiuza kuti n'chikondi chozama. Manga otere alipo ambiri ndipo mayina ake sindikupatsani. Zachibwana ndi kukoka kusamvana kumodzi mabuku khumi pamene funso limodzi likanathetsa zonse. Kulemba munthu wokoma mtima amene owerenga sangatope naye ndi luso lalikulu kuposa kupha munthu m'nkhani kuti tilire. Ndipo munthu amene wagwira ntchito tsiku lonse, walipira lendi, wapita kumaliro, ali ndi ufulu wowerenga nkhani imene anthu ake amauzana zoona n'kumvana.

Chinanso chimene chimandikoka ndi mmene nkhanizi zimalemekezera tinthu tating'ono. Ku Japan pa 14 February amene amapereka chokoleti ndi atsikana, anyamata amabweza pa 14 March, tsiku lotchedwa White Day. Mutu wathunthu umatha kuthera pa kaphukusi kamodzi. Mu Kimi ni Todoke ya Karuho Shiina, Sawako, mtsikana wofatsa amene anzake amamuopa n'kumamutcha Sadako ngati mzukwa wa m'filimu, akonza chokoleti koma manyazi amulepheretsa kupereka kwa Kazehaya. Wowerengawe mtima umagunda ngati kaphukusiko kali m'chikwama chako. Komabe ndikuchenjezeni: mabuku ake ndi 30, nkhani imayenda pang'onopang'ono, ndipo muli mtsikana wina, Kurumi, amene akufunanso Kazehaya. Mwina musayambire pamenepo.

Tsono muwerenge ati

Yambani ndi My Love Story!! Mukamaliza tengani Skip and Loafer ya Misaki Takamatsu, imene inayamba mu 2018. Mitsumi ndi mtsikana wanzeru wochokera kumudzi ku Ishikawa amene wapita kusekondale ku Tokyo, ndipo tsiku loyamba lomwe wasochera panjira. Aliyense amene anachoka kumudzi kukayamba Fomu 1 m'tauni adziona mmenemo. Chikondi chake n'chapansipansi, ubwenzi ndiye wadzaza.

Ngati mwatopa ndi ana asukulu, Wotakoi ya Fujita ndi ya anthu akuluakulu a muofesi. Narumi amabisa kuti amakonda manga poopa kusekedwa, Hirotaka sabisa kuti moyo wake ndi magemu. Ndikuganiza kuti imeneyi ikukhudzani kwambiri. Mabuku ake ndi 11 m'Chijapani.

Mabuku apepala ndi odula komanso osowa kuno. Pa Manga Plus, pulogalamu ya kampani ya Shueisha, mitu yoyambirira ya You and I Are Polar Opposites ya Kocha Agasawa mutha kuwerenga ulere, bola bandulo. Suzuki ndi wolongolola, Tani ndi wachete, ndipo amagwirizana nkhani itangoyamba kumene.