Kukonza paketi ya chiyankhulo cha mapulogalamu mu Debian

Achimwene, ngati mukufuna kukonza paketi ya chiyankhulo cha mapulogalamu mu Debian (mtundu wina wa Linux), yambani ndi compiler yokha (pulogalamu yomasulira zolembedwa m'chiyankhulocho kuti kompyuta izitha kuziyendetsa) pamodzi ndi laibulale yake yaikulu, ndipo mutsimikize kuti zonse zikumangika kuchokera pa source (malemba oyambirira a pulogalamu) popanda intaneti, chifukwa malamulo a Debian salola paketi kukopa kanthu pa intaneti pa nthawi yomanga. Musanalembe fayilo ngakhale imodzi mu foda ya debian/ (mmene mumakhala mafayilo okonzera paketi), tumizani ITP (chidziwitso chakuti mukufuna kukonza paketiyi) ku WNPP (mndandanda wa Debian wa mapaketi ofunika kugwiridwa ntchito) kuti ena adziwe kuti ntchitoyi ili m'manja mwanu.

Chimene chinandidyera masabata ambiri ndi compiler yolembedwa m'chiyankhulo chake chomwe, imene imafuna compiler ina yomangidwa kale kuti imangike. Pa kompyuta yanga zinkayenda bwinobwino, koma nditayesa mu sbuild (chida chomangira mapaketi pamalo apadera okhala ndi zida zofunikira zokha), mmene munalibe zida zimene ndinaika ndekha, ntchito inaima isanafike patali. Choncho lembani momveka njira ya bootstrap (mmene compiler yoyambayo imapezekera), ndipo muziyendetsa lintian (chida chofufuza zolakwika m'paketi) musanakweze paketi ku mentors.debian.net kukafuna wokuthandizani kuilowetsa mu Debian.

Mukapeza mafayilo a malaisensi osamveka, musalembe zongoganizira mu fayilo ya debian/copyright. Funsani wokonza mapaketi a Debian amene wakhalitsa pa ntchitoyi, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza patent (ufulu wa mwalamulo wa munthu pa chinthu chimene anatulukira), kaonaneni ndi loya.