Sarah Jane mulibemo, koma musafulumire kuzimitsa

Achemwali ena a ku Leeds andilembera imelo yaitali ndithu, ndiye ndiifupikitse. Ana awo awiri akuluakulu anakula akuonera The Sarah Jane Adventures, sewero la mtolankhani Sarah Jane ndi achinyamata olimbana ndi zilombo za kumapulaneti ena, pa CBBC, kanema ya ana ya BBC, iwo akuonera nawo chakumbali uku akusita zovala. Tsopano mzime wawo wa zaka 9 waipeza pa iPlayer, tsamba la BBC loonerapo mapulogalamu pa intaneti, ndipo wamaliza yonse. Amva kuti kuli nkhani zina zongomvetsera, zopanda zithunzi. Funso lawo ndi ili: “Kodi zingakome popanda Sarah Jane mwiniwake? Nanga mwanayu angazitsate, kapena ndingotaya ndalama?”

Achemwali, choyamba dziwani kuti zinthuzi zilipo za mitundu iwiri, ndipo amene amakhumudwa nthawi zambiri amakhala kuti agula mtundu wolakwika.

Mtundu woyamba ndi nkhani zowerengedwa zimene BBC inatulutsa kuyambira 2007 mpaka 2011. Zilipo 10, iliyonse ya pafupifupi ola limodzi. Zisanu ndi zitatu mwa izo anawerenga ndi Elisabeth Sladen, yemwe ankasewera ngati Sarah Jane. Ndi mayi mmodzi yekha pa maikolofoni, akusinthasintha mawu, pano ndi Luke, mwana amene Sarah Jane anamulera, pano ndi Clyde, mnzake wa Luke, ndi nthabwala zake zosatha. Ziwiri zomaliza, Children of Steel ndi Judgement Day, anawerenga ndi Daniel Anthony ndi Anjli Mohindra, amene ankasewera ngati Clyde ndi Rani, poti Sladen anali atamwalira ndi khansa pa 19 Epulo 2011, ali ndi zaka 65. Imfa yomweyo ndi imene inachititsa kuti gawo lachisanu la pa TV lithere panjira, nkhani zitatu zokha zitajambulidwa. Kwa mwana wa zaka 9, yambirani pamenepa. The Glittering Storm ndi The Thirteenth Stone ndizo zinali zoyamba kutuluka, ndipo zinalembedwera ana a msinkhu wake ndendende.

Mtundu wachiwiri ndi umene ndikufuna ndichezepo kwambiri, chifukwa ndikuganiza kuti ndi wanu inuyo ndi ana akuluakulu aja. Mu Epulo 2023 kampani ya Big Finish, yopanga masewero ongomvetsera, inatulutsa bokosi loyamba la nkhani za Rani Takes on the World. Ili ndi sewero lenileni, la anthu ambiri, nyimbo ndi phokoso lonse. Rani Chandra, mtsikana uja anasamukira kutsidya kwa msewu wa Bannerman Road, moyang’anana ndi kwa Sarah Jane, m’gawo lachiwiri, tsopano ndi mtolankhani wodziwika, ali ndi podikasiti yakeyake. Clyde akujambula nthano za zithunzi ndipo akuyembekezera mwana ndi bwenzi lake. Osewera ake ndi omwe aja, Mohindra ndi Anthony, kungoti mawu anakhwima. Ngakhale Gita, mayi ake a Rani olongolola aja, alimo, akuseweredwa ndi Mina Anwar yemwe uja.

Sarah Jane mulibemo. M’nkhaniyi nayenso anamwalira, ndipo olemba sanayese kubisa kapena kupeza munthu woti azimutsanzira. Apa ndi pamene ndinawagomera. Akanatha kungobweretsa mayi wina wanzeru wokhala ndi kompyuta yolankhula m’chipinda cha kudenga ngati mmene analili Sarah Jane, n’kumati moyo ukupitirira. M’malo mwake anasiya mpatawo uli poyera, ndipo sewero lonse likuzungulira pamenepo: ana amene analeredwa ndi munthu wapadera amatani iye akachoka? Ena amalimbikira ntchito imene anawaphunzitsa. Ena amatalikirana, foni osayimbirana, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye watanganidwa.

Nkhani yoyamba, Here Today, analemba ndi Joseph Lidster, amene analembanso magawo ena a pa TV monga The Nightmare Man. Chombo cha m’mlengalenga chikubwera ku Ealing, dera la ku London, zonse n’kuwonongeka, kenako tsiku lomwelo n’kuyambiranso. Pa TV mukanazindikira ndi maso kuti tabwereranso m’mawa. Apa khutu ndi limene limakuuzani: mawu amene munamva kale akumvekanso, koma munthu wawanena mosiyanako pang’ono, ndipo mtima umangoti myuu. Kubwerezaku kumapatsa Rani ndi Clyde mpata wonena zimene akhala akuzemba kwa zaka. Zilombo za kumapulaneti ena zilimo, musadandaule, koma chimene chimatsala m’mutu ndi anthu awiriwa. Yachiwiri, ya ukwati wa pachilumba, ndi yoseketsa chabe, ndipo Gita amatenga malo onse. Bokosi lachiwiri, The Revenge of Wormwood, linatuluka kumapeto kwa 2023, ndipo linabweretsanso Tommy Knight ngati Luke ndi Samantha Bond ngati Mrs Wormwood, mdani uja wa m’nkhani yoyambirira ya pa TV ya pa 1 Januwale 2007, wa chakumwa cha Bubble Shock.

Kodi mzime angamvetsere zimenezi? Ine sindikuona choipa, koma nkhawa za anthu a zaka makumi atatu, za mimba, ntchito ndi chibwenzi chimene sichinatheke, zizingomudutsa. Mvetserani kaye nokha, muweruze.

Za kusowa kwa zithunzi, inu musaope. Amene tinakulira pa wailesi ya MBC, tikumvera Sewero la Sabata Ino ndi Pamajiga, luso limeneli tili nalo kale. Palibe anationetsa nkhope za anthu aja, koma tinkadziwa amene walowa pongomva chitseko ndi kutsokomola kwake. Ana obadwira pa sikirini ndi amene amavutika mphindi khumi zoyambirira, maso akusowa poyang’ana. Mpatseni pepala ndi makrayoni azijambula zimene akumva. Clyde nayenso ankajambula, ndiye sakana.

Chimodzi chokha: musayike pa sipika ya foni uku mukukazinga anyezi. Chingerezi chake ndi cha ku London, chothamanga, ndipo mukaphonya chiganizo chimodzi palibe chithunzi choti chikuthandizeni kulondola amene ali kuti. Valani mahedifoni onse awiri, chifukwa phokoso analikonza kuti lina lizichokera kumanzere, lina kumanja. Pa basi popita ku shifiti ya usiku ndi malo abwino, poti nkhani iliyonse ndi ya ola limodzi kapena kuposerapo pang’ono.

Pa za ndalama, musagule zonse kamodzi. Big Finish imayika kachidutswa kaulere patsamba lake, mvetserani kameneko kaye. Za BBC zija funsani ku laibulale ya m’dera lanu musanatulutse khadi la ku banki, chifukwa malaibulale ambiri ku Britain amabwereketsa nkhani zomvetsera pa foni kwaulere.